Galimoto yogonamo imamwa mafuta angati pa msewu wa Kum'mawa?

Mvula ikangosiya, kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Okutobala, mu Chipata mumadutsa magalimoto amene ukawaona umachita kucheuka. Land Cruiser itasenza tenti, matayala awiri ndi zigubu padenga. Hilux yomangidwa kanyumba kumbuyo. Mwa apo ndi apo Sprinter kapena Ducato ya nambala ya ku Germany, mkati muli bedi, mbaula, firiji, mpaka chimbudzi. Eni ake amati camper van, galimoto yogonamo. Ambiri amakhala ali pa ulendo wa ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa, ena angolowa kumene pa Mwami kuchokera ku Malawi, akuloza ku Lusaka ndi ku Livingstone. Komatu si alendo okha. Akuno nafenso tayamba kuzula mipando ya Hiace n'kuyalamo matiresi, makamaka aja ntchito yawo ndi yoyendayenda: ogula soya ndi mtedza m'midzi, oika masola, amipingo opita ku misonkhano ya misasa.

Galimoto yotere ikaima pa filing'i, funso la aliyense limakhala lomwelomwelo: imamwa bwanji? Mwini wake akakuyankhani ndi nambala imodzi, dziwani kuti wakuuzani ya tsiku labwino. Galimoto yomweyo, dalaivala yemweyo, ikhoza kuyenda makilomita 11 pa lita lero, mawa n'kuyenda 7, popanda chilichonse chowonongeka mu injini.

Tiyambe ndi nambala imene imalembedwa m'buku la galimoto kapena pa webusaiti ya ogulitsa, chifukwa ndi imene imapusitsa anthu ambiri. Nambala imeneyo siichokera pamsewu. Galimoto amailowetsa m'chipinda, matayala n'kumazungulira pa zitsulo zobulungira, kulibe mphepo, kulibe chitunda, eyakoni yozimitsa, kutentha kosapitirira madigiri 30. Ku Ulaya muyeso wakale wotchedwa NEDC unali wa makilomita 11 okha, wotenga mphindi pafupifupi 20, liwiro lake pa avereji makilomita 34 pa ola. Bungwe la International Council on Clean Transportation linapeza kuti pofika mu 2016 magalimoto atsopano a ku Ulaya ankamwa mafuta opitirira a papepala ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse. Kuyambira mu 2017 anabweretsa muyeso wina, WLTP, wa makilomita 23 ndi mphindi 30, umene uli pafupiko ndi zoona. Ku Japan, kumene magalimoto athu ambiri amachokera, kunali muyeso wa JC08, liwiro lake pa avereji makilomita 24 pa ola, ndipo pothamanga penipeni unkangofika cha m'ma 80. Ndani amayenda choncho pakati pa Katete ndi Petauke?

Chachikulu n'chakuti imene amayesa ija nthawi zambiri imakhala galimoto yopanda kanthu, yongotuluka kumene m'fakitale. Bedi, makabati, thanki ya madzi, batire yachiwiri, denga lokweza, keriyala, zonsezo zimabwera pambuyo. Choncho sikuti a kampani ananama. Anangoyeza galimoto ina, osati imene inu mukuyendetsayo.

Pali msampha winanso wa kawerengedwe. Ife kuno timati makilomita pa lita. Mjeremani amati malita pa makilomita 100, ndiye kwa iye nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Akati 10 mwagwirizana, pakuti malita 10 pa makilomita 100 ndi makilomita 10 pa lita. Koma akati 14 musamuyamikire, akutanthauza makilomita 7 okha pa lita. Mngelezi ndi Mmereka onse amati mamailosi pa galoni, chonsecho magaloni awo ndi osiyana: ya ku Britain ndi malita 4.5 ndi kakang'ono, ya ku America ndi malita 3.8. Wa ku London akati 30 ndiye makilomita 10.6 pa lita, wa ku Texas akati 30 yemweyo ndi makilomita 12.8. Anthu amakangana pa Facebook usiku wonse osadziwa kuti wina akuwerenga zina, mnzake zina.

Nanga pamsewu penipeni zimakhala bwanji? Zimene eni magalimotowa amatchula kawirikawiri, akakhala pa tala ndipo asakuthamanga mopenga, zimayenda motere. Hiace ya dizilo, Ducato kapena Sprinter yongoikidwa bedi ndi makabati mkati imazungulira pa makilomita 9 mpaka 11 pa lita. Ija yomangidwa chinyumba chachikulu chotulukira pamwamba pa dalaivala imatsikira pa 8 kapena 9. Land Cruiser ya injini yakale ya 1HZ, ya malita 4.2, ikadzaza katundu imakhala pa 6 mpaka 8. Zimalole zija zoyenda dziko lonse la Africa zikafika 5 ndiye kuti zachita bwino. Ya petulo ya msinkhu womwewo imamwa kuposa ya dizilo nthawi zonse, chifukwa lita ya dizilo ili ndi mphamvu yochulukirapo ndipo injini yake sitaya yambiri. Kusiyana kwa makilomita atatu pa lita kumaoneka kochepa mpaka mutakuika pa msewu wa Lusaka, umene ndi makilomita pafupifupi 570. Pa 10 mufunika malita 57. Pa 7 mufunika 81. Malita 24 amenewo, kupita ndi kubwera ndi 48, ndi ndalama yoti munthu n'kulipira lendi ku komboni.

Tsono n'chiyani chimene chimaisuntha nambalayi? Anthu ambiri amathamangira kunena kulemera. Kulemera kulipo, tifikako. Koma pa ulendo wautali wa pa tala, chimene chimadya mafuta kwambiri ndi mpweya, ndipo chimene chimaupatsa mano mpweyawo ndi phazi la dalaivala.

Galimoto ikamayenda imachita kung'amba mpweya, ndipo mpweyawo umabweza. Kubweza kwake sikukula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mpweya kumawirikiza kanayi. Kuchoka pa 90 kufika pa 110, kumene dalaivala amaona ngati wangopondako pang'ono, kukankhako kumakwera ndi pafupifupi theka. Sikuti mafuta onse akwera ndi theka ayi, poti ena amapita ku matayala ndi ku zitsulo za mu injini, koma kwa galimoto yaitali msinkhu, ya nkhope yosasongoka ngati izi, mpweya ndiwo umatenga gawo lalikulu mukangopitirira cha m'ma 80. N'chifukwa chake Corolla imakhululuka mukaithamangitsa, pamene galimoto yogonamo siikhululuka. Funsani wa njinga amene ananyamulapo matiresi choimika kuchokera ku Kapata mwezi wa Ogasiti. Matiresi salemera, thumba la chimanga limalemera kuposa, koma adzakuuzani kuti bola chimangacho.

Apa ndi pamene denga limalowera. Chilichonse chimene mwaika pamwamba chimakulitsa nkhope ya galimoto ndi kusokoneza mpweya umene umayenera kutsetsereka bwinobwino. Tenti ya padenga, keriyala, zigubu zoimika, tayala, mipando yomangidwa ndi chingwe cha mphira, lona lokupiza. Eni ake amene anayezapo asanaike ndi ataika amatchula lita imodzi kapena awiri owonjezera pa makilomita 100 alionse. Ngakhale keriyala yopanda kanthu imadya, ndipo mluzu umene imaimba muli pa liwiro ndi umboni wake. Ine ndimadabwa kuona munthu wagula galimoto ya injini yaing'ono kuti asunge mafuta, kenako n'kuimangira nsanja padenga.

Ndiye pali mphepo yathu ya chilimwe. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala imawomba kwambiri kuchokera kum'mawa chakumwera, ndipo wochokera ku Lusaka kubwera kuno amakumana nayo pamphumi. Mukamayenda pa 90 mphepo yobwera kutsogolo ili pa 20, galimoto imamva ngati ili pa 110, ngakhale singano ikuloza 90. Amene amabwera ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti angachitire umboni: pobwera thanki imatsika msanga, pobwerera imachita ngati yaiwala kumwa. Injini sinasinthe, mphepo yangokhala kumsana.

Wina anena kuti kuyenda pa 90 n'kutaya nthawi. Tiwerenge. Makilomita 570 pa 110 osatsika ndi maola 5 ndi mphindi 10, pa 90 ndi maola 6 ndi mphindi 20. Papepala mwapulumutsa ola limodzi ndi kakang'ono. Koma Great East Road siilola zimenezo. Muli makona a ku Rufunsa ndi Kacholola, muli malole okwawa pa zitunda, ma rodibuloko, zipata zolipirira msewu, mbuzi, njinga za makala. Wothamanga uja mumakamupeza ataima kumbuyo kwa lole, mabuleki akununkha. Nthawi imene wapindula kwenikweni ndi yochepa kuposa ya papepala, koma mafuta wawotcha onse.

Tibwere ku kulemera ndi zitunda, chifukwa apa pali chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Lusaka ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere. Msewu umatsetsereka mpaka pa mlatho wa Luangwa, pansi pa chigwa, kenako n'kukweranso mamita oposa 600 kuti ufike kumtunda kwa Petauke ndi Chipata. Ukamamva injini ikulira pa giya yachitatu umaganiza kuti theka la thanki lathera pamenepo. Koma mukawerenga mphamvu yofunika kukweza galimoto ya matani atatu mamita 600, imakwana dizilo wa malita awiri basi. Chikweza chimodzi chachikulu si vuto. Vuto ndi kukwera, kutsika mutaponda buleki, kukweranso, kutsikanso. Mafuta amene munawotcha pokwera amasanduka moto pa mabuleki potsika, ndipo sabwerera m'thanki. Chimodzimodzi mahampu a pa Nyimba, pa Sinda, pa Katete ndi m'timisika tonse ta m'njira. Galimoto ya matani atatu ikaima n'kunyamukanso mpaka pa 90 ka 12, lita yapita, musanawerengere mtunda umene mwayenda. Pamenepa ndi pamene kulemera kumaluma. Pa msewu wosalala wopanda choimitsa, makilogalamu 200 owonjezera simungawamve kwambiri m'thumba, koma pa msewu wa imani-nyamukani mumawalipira pa hampu iliyonse.

Ndipo makilogalamuwo amalowa mwakachetechete. Lita ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 ndi anthu awiri ochepa thupi amene sanalipire. Chigubu chachitsulo cha malita 20 a dizilo chimaposa makilogalamu 20. Onjezani silinda ya gasi, batire, jeke yaikulu, mabokosi a zakudya. Magalimoto ambiri ochokera ku Ulaya malire awo ndi makilogalamu 3,500, ndipo akamafika kuno amakhala ali m'mphepete mwa malirewo kapena atadumpha kale. Kunyamula madzi odzaza kuchokera ku Lusaka pamene ku Chipata ndi ku Mfuwe madzi aliko n'kungodzizunza.

Pa mitsetse pali chizolowezi china chimene chiyenera kutha, chochotsa giya kuti galimoto iziyenda yokha. Injini za masiku ano, mukachotsa phazi muli mu giya, kompyuta imatsekeratu mafuta. Mukaika pa nyutulo injini imafuna mafuta kuti isazime. Ndiye simunasunge kanthu, mwangosiyira mabuleki okha katundu wa matani atatu pa makona olowera ku Luangwa.

Zonsezi ndi za pa tala. Kuchoka ku Chipata kupita ku Mfuwe, makilomita pafupifupi 130, tala alipo ndipo mukutsikira m'chigwa, choncho nambala imaoneka yokoma. Isakunamizeni, pobwerera mudzabweza. Mukalowa m'nkhalango, kapena mukatenga njira zafumbi zolowera ku Nsefu ndi ku Luambe, kuwerenga makilomita pa lita kumasiya kuthandiza. Mukuyenda pa 15 kapena 20, giya yachiwiri, matayala mwawaphwetsako chifukwa cha mchenga, mwaima theka la ola kudikira njovu ziwoloke injini ikulira. Pa mchenga wakuya, mu giya yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono (low range), galimoto ikhoza kumwa theka lowonjezera kapena kuwirikiza kumene. Odziwa amawerenga maola. Injini ya dizilo ya msinkhu umenewu ikangolira osayenda imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola, eyakoni ikayaka imaposa. Mu Okutobala m'chigwa kumatentha mpaka madigiri 40, ndipo pali ena amagona injini ikulira kuti eyakoni iwapepese. Usiku umodzi wotero ndi mafuta a makilomita 80 kapena kuposa, galimoto ili pamalo amodzi. Firiji ya batire, imene anthu amakonda kuinamizira, imadya pang'ono zedi, ndipo sola ya padenga yogoneka imaikwanitsa.

Mukatuluka mu mchenga, popani matayala msanga. Tayala lophwa pa tala limakoka mafuta komanso limatentha mpaka kuphulika. Matayala a zibuluzibulu a m'matope nawo amadya kuposa wamba, ndiye ngati ulendo wanu wonse ndi wa pa tala muwaganizire kawiri.

Tsono nambala yanu yeniyeni mungaidziwe bwanji? Osadalira imene ikuwala pa dashibodi. Kompyuta ya galimoto imangoyerekeza, ndipo kawirikawiri imakomera mwini wake. Njira yake ndi yakale. Thirani fulu thanki mpaka pampu idule yokha, bwezani mita ya ulendo pa ziro, yendani, kenako thiraninso mpaka idule yokha. Makilomita amene mwayenda muwagawe ndi malita amene alowa ulendo wachiwiriwu. Muwauze athiramafuta kuti ikadula asawonjezere, chifukwa wina akagwedeza galimoto n'kudzaza mpaka pakhosi pamene mnzake anasiyira pa kudula koyamba, malita atatu asokonekera ndipo masamu anu afa. Thanki imodzi siikwanira kunena zoona. Lembani matanki atatu kapena anayi m'kabuku, pambali n'kulemba kuti unali msewu uti, katundu wanji, mphepo inali bwanji.

Amene anasintha matayala n'kuika akuluakulu akumbukire kuti mita yawo ikunama. Kuchoka pa 265/65 R17 kupita pa 265/70 R17, tayala limakula ndi pafupifupi 3 pa 100, choncho mita imawerenga makilomita ochepa kuposa amene mwayendadi, ndipo galimoto imaoneka ngati yayamba kumwa kuposa mmene ikumwera. GPS ya pafoni ingakuthandizeni kukonza pamenepa.

Mukapeza manambala anu, pokonza ulendo gwiritsani ntchito yoipitsitsa, osati yabwino. Thanki ya Hiace ndi malita 70. Pa makilomita 10 pa lita imakufikitsani 700, kutanthauza kuti Lusaka mpaka Chipata mufika ndi otsala. Pa 8, tsiku la mphepo mutasenza katundu padenga, imathera pa 560, magetsi a Chipata mukuwaona patali. Hilux ili ndi malita 80. Land Cruiser ija yaitali ili ndi matanki awiri a malita 90, n'chifukwa chake eni ake sadandaula ngakhale imamwa ngati ilibe mawa. Pakati pa Chongwe ndi Nyimba mafiling'i ndi otalikirana, ndipo filing'i kukhalapo sikutanthauza kuti tsiku limenelo muli dizilo kapena magetsi oyendetsera pampu. Singano ikafika pa theka ndipo mwaona pothira, thirani.

Za mtengo sizivuta kwenikweni. Bungwe la Energy Regulation Board limalengeza mitengo mwezi ndi mwezi kuyambira mu 2022, ndipo mtengo wa papampu ndi umodzi dziko lonse. Lita ya ku Chipata ndi ya ku Lusaka n'chimodzimodzi, ndiye kusenza zigubu pa tala poganiza kuti mukupulumutsa ndalama n'kulakwitsa masamu. Wowolokera ku Malawi yekha ndiye azithira fulu asanafike pa Mwami. Lilongwe ili pafupi, makilomita osakwana 150, koma kuyambira mu 2022 dzikolo lakhala likuvutika ndi kusowa kwa mafuta nthawi ndi nthawi chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja, ndipo mlendo sangakonde kugona pa mzere.

Mtundu wa mafuta nawo uli ndi mbali yake. Dizilo wathu tsopano amabwera woyengeka kale kudzera m'paipi ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ndipo ndi wa salufa wochepa poyerekeza ndi wakale uja. Komabe magalimoto atsopano a ku Ulaya anapangidwira dizilo woyera kuposa pamenepo. Ali ndi sefa ya mwaye ku ekizozi imene imadziyeretsa powotcha dizilo wowonjezera, ndipo imafuna liwiro ndi kutentha kuti itero. Masiku angapo okwawa m'nkhalango amaitseka, galimoto n'kuyamba kumwa kwambiri kapena kukana kuthamanga. Ena amafunanso madzi a AdBlue oyeretsera utsi wa ku ekizozi, amene simungawapeze pa golosale ya m'mudzi. Injini yakale ngati 1HZ ilibe zonsezi, imameza chilichonse, koma mtengo wa kupirira kwakeko mumaulipira pa pampu tsiku lililonse. Dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu ndiye mugule pokhapokha zitavutitsitsa. Simudziwa ngati muli parafini, madzi kapena fumbi, ndipo ma injekita a injini zamakono akawonongeka ndalama yake imagula mafuta a maulendo angapo a ku Lusaka.

Zigubu zanuzanu, zothira pa filing'i, malo ake ndi kumpoto kwa Mfuwe, njira ya ku Luambe mpaka kukatulukira ku Lundazi kapena ku Chama, kumene mungayende tsiku lathunthu osaona pampu. Kumeneko malita 20 amene pa tala akanayendetsa Land Cruiser makilomita 140 muwawerengere 90 kapena 100. Muzithire ku Chipata kapena ku Mfuwe, osati ku Lusaka, muzimange pansi kumbuyo m'malo mwa padenga ngati malo alipo, ndipo m'thanki mukangopezeka mpata muzikhuthuliremo.